Pistol ya 9mm ndi laser: pomwe tafika ndi zomwe zatsala

Mapepala anatha, mfuti ili m'sefu, laser, kachipangizo koonetsa kadontho ka kuwala pomwe mfuti yaloza, yamangidwa pansi pa mpope wa mfuti ndipo zero, mtunda womwe kadontho ndi chipolopolo zimakumana, yaikidwa pa mamita 10. Zatsala ndi holster, kachikwama konyamulira mfuti, yokwana mfuti yokhala ndi laser komanso kuyesa kadontho m'kachisisira. Tikulemba ndondomeko yonse kuti anzathu a kuno ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amene akuganiza zogula pistol aone komwe ndalama iyenera kuyamba kupita. Maganizo athu ndi akuti laser ndi yothandiza, koma malo ake pa mndandanda wa zogula ndi kumapeto, pambuyo pa sefu, zipolopolo zophunzirira ndi tochi.

Mapepala

Nkhani za mfuti muno m'Zambia zimayendera Firearms Act, Chapter 110. Makalata ndi awiri ndipo amachokera kosiyana. Firearm certificate imachokera kwa apolisi, pomwe laisensi imaperekedwa ndi khonsolo ya dera lomwe mukukhala, kwa ife Chipata City Council, mukaonetsa certificate ija. Wopempha akhale wa zaka 21 kapena kuposa, akhale ndi chifukwa chomveka chofunira mfuti, ndipo apolisi akhutire kuti amadziwa kuigwira ndi kuisunga. Laisensi ili ndi tsiku lothera, choncho lilembeni poonekera. Dziwaninso kuti siigwira ntchito mukadutsa pa Mwami kulowa ku Mchinji.

Chomwe chikukhudza laser ndi ichi: laisensi imalembedwa pa mfuti imodzi, mtundu wake, kukula kwa chipolopolo ndi nambala yake. Pistol si foni yoti mungakaisinthe mwezi wamawa mutapeza kuti ilibe pomangira laser. Ganizani za laser musanalembe dzina la mfuti pa fomu. Ogulitsa mfuti ovomerezeka ambiri ali ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndiye funsani zonse pa foni musananyamuke.

Kusankha mfuti

Tinasankha 9x19, yomwe imatchedwanso 9mm Luger kapena 9mm Parabellum, chifukwa ndi chipolopolo cha pistol chomwe sichivuta kupeza ndipo sichikankha kwambiri m'manja. Samalani, zipolopolo zotchedwa 9mm zilipo zingapo: 9x17, yomwe ena amati 9mm Short kapena .380 ACP, 9x18 Makarov, ndi 9x19. Sizilowana. Werengani zolembedwa pa mpope ndi pa bokosi la zipolopolo, osangomva kuti "ndi nayini".

Glock 19 imanyamula zipolopolo 15 ndipo mpope wake ndi 102 mm, Glock 17 imanyamula 17 ndi mpope wa 114 mm. Ma Glock a m'badwo wachitatu (Gen3) kupita mtsogolo ali ndi rail, kanjira ka pansi pa mpope pomangira tochi kapena laser. CZ 75 B ndi mfuti yabwino yachitsulo koma ilibe rail, pomwe CZ 75 SP-01 ndi CZ P-07 zili nayo. Revolver ya .38 Special nthawi zambiri ilibenso rail, ndipo laser yake imakhala ya pa chogwirira.

Koma rail isakuiwalitseni dzanja. Gwirani mfuti yopanda chipolopolo, mpope ulunjike mzere umodzi ndi mkono, muone ngati nsonga ya chala ikufika pa trigger, kachitsulo kokoka poomba, popanda kupotoza dzanja. Ngati mukuchita kutembenuza chogwirira kuti chala chifike, mfutiyo ndi yaikulu kwa inu, ndipo palibe laser imene ingakonze zimenezo. Kokani slide, chitsulo chotsetsereka cha pamwamba pa mfuti, mpaka kumapeto, muikhome kumbuyo. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale, unikani m'kati mwa mpope kuti muone timaenje ta dzimbiri, yerekezani nambala ya pa mfuti ndi ya pa mapepala, ndipo kanikizani sipuling'i ya magazini, kabokosi konyamula zipolopolo. Pistol ikamakana kukweza chipolopolo, kawirikawiri wolakwa amakhala magazini.

Laser iti

Mitundu yodziwika ndi inayi: ya pa rail, ya pa chogwirira ngati Lasergrips za Crimson Trace, yomangika pa chitsulo chozungulira trigger, ndi yolowa m'malo mwa guide rod, kandodo ka sipuling'i pansi pa mpope, ngati za LaserMax. Ya pa chogwirira imayaka yokha mukagwira mfuti mwamphamvu, zomwe ndi zabwino, koma kuwala kumatulukira kumanja, pomwe chala cholozera chimagona chikakhala kunja kwa trigger, ndiye chala chimatha kukutchinga. Ife tinapita ku ya pa rail yokhala ndi tochi pamodzi, mtundu wa Streamlight TLR-2 kapena TLR-8.

Laser yofiira imawala pa 635 mpaka 650 nm (muyeso wosonyeza mtundu wa kuwala), yobiriwira pa 515 mpaka 532 nm. Diso la munthu limaona bwino kwambiri masana pafupi ndi 555 nm, n'chifukwa chake yobiriwira imaoneka yowala kuposa yofiira ngakhale mphamvu zili zofanana. Zambiri ndi za Class 3R, zosapitirira 5 mW, ndipo mphamvu imeneyo si yolozetsa m'maso mwa munthu. Yobiriwira ndi yodula ndipo imadya batire msanga. Funsani batire musanagule. CR2032 imapezeka mosavuta chifukwa ndi yomwe imalowa m'makiyi a galimoto ndi m'makompyuta, koma CR123A, CR2 ndi 1/3N ndi bwino kugula zingapo mukakhala ku Lusaka.

Ma laser otchipa opangidwira mfuti zoseweretsa asiyeni. Amakwana pa rail, amayaka bwino, koma tibauti ta m'kati sitipirira kugunda kwa 9mm. Zero imasuntha magazini imodzi isanathe.

Kumanga ndi kuika zero

Chotsani magazini kaye, kenako kokani slide, yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi kugwiramo ndi chala. Mukayamba ndi slide magazini ikadali m'kati, mwatulutsa chipolopolo chimodzi n'kulowetsa china. Pukutani mafuta pa rail. Ma laser ambiri amabwera ndi tizidutswa tosinthasintha tolowa mu mpata wa rail, ka rail ya Glock kosiyana ndi ka rail ya mtundu wa Picatinny, ndipo mukaika kolakwika laser imagwedera kutsogolo ndi kumbuyo. Ikankhireni kutsogolo mpaka kachidutswa kagunde, kenako mangani. Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo pomwe laser imafuna kutsalira, ndiye ikhale itatsamira kale kumeneko. Kadontho kamodzi ka Loctite yabuluu, guluu woletsa bauti kumasuka, pa bauti yomangira n'kokwanira. Loctite yofiira ayi, simudzamasulanso popanda moto. Pa tibauti tosunthira kuwala musaikepo chilichonse.

Tsopano pamene ambiri amasokonezeka. Laser ili pansi pa mpope, choncho kuwala ndi chipolopolo zimanyamukira malo osiyana. Yezani ndi lula kuchokera pakati pa mpope kufika pa galasi la laser. Titenge 4 cm monga chitsanzo. Mukaika zero pa mamita 10, ndiye kuti mwapendeketsa kuwala m'mwamba kuti kukumane ndi chipolopolo pamenepo basi. Pa mamita 5 chipolopolo chidzaboola pafupifupi 2 cm pamwamba pa kadontho. Pa mamita 20 kuwala kwadutsa kale mzere wa mpope, chipolopolo nacho chayamba kugwa, ndiye bowo lidzakhala pafupifupi 5 cm pansi pa kadontho. Kusiyana kumeneko n'kochepa ndipo munthu angakhale nako.

Vuto limabwera munthu akaika zero pafupi kwambiri, monga pa khoma la chipinda pa mamita 3. Kuwala kukukwera 4 cm pa mamita 3 aliwonse, ndiye pa mamita 15 kadontho kali 16 cm pamwamba pa mzere wa mpope. Mwini wake amati laser ndi yonama, pomwe ikungotsatira mzere womwe anaipatsa. Njira ina ndi yoti kuwala kuyende mofanana ndi mpope osakumana nawo: mumasiya bowo 4 cm pamwamba pa kadontho pa mamita 10, ndipo kusiyanako sikupitirira pamenepo mpaka mamita 25. Njirayi ndi yabwino kwa woombera mitunda yosiyanasiyana. Ife tasankha mamita 10 chifukwa ndi mtunda womwe kadontho kamaonekabe bwino ndipo ndi womwe timaphunzirira kwambiri.

Kuti musawononge zipolopolo, yambani mfuti ili yopanda kanthu. Lozetsani ndi sight zachitsulo, tizitsulo tolozera ta pamwamba pa mfuti, pa chandamale cha mamita 10, musunthe kadontho ndi Allen key mpaka kakhale pamwamba penipeni pa sight ya kutsogolo. Mukatero pitani pa malo ololedwa kuombera, okhala ndi chimulu cha dothi lofewa kumbuyo. Mapiri ozungulira Chipata ndi a miyala, ndipo chipolopolo chikagunda mwala chimanjanja n'kupita kwina. Cha 9mm chikathawira m'mwamba chimatha kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Valani zotseka m'makutu ndi magalasi. Tsamiritsani manja pa thumba la mchenga, ombani zipolopolo 5 kadontho kali pakati pa chandamale, kenako pezani pakati pa mabowo asanuwo. Musaweruze ndi bowo limodzi. Tulutsani zipolopolo zonse musanakhudze tibauti, chifukwa tibautito tili pafupi ndi kukamwa kwa mfuti. Lamulo lake n'lakuti kadontho kapite komwe kuli mabowo. Tembenuzani pang'onopang'ono, kota ya mzunguliro kapena kucheperapo, ndipo kabauti kakalimba musakakamize, timathyoka msanga. Bwerezani mpaka zikumane, ndipo muonenso pambuyo pa bokosi limodzi la zipolopolo 50. Mukasintha kuchoka pa zipolopolo zolemera 115 grain kupita pa 124 kapena 147, yesaninso, chifukwa bowo limasuntha.

Zomwe zimavuta

Dzuwa ndiye loyamba. Masana a Okutobala, kadontho kofiira kamasowa pa mamita ochepa, makamaka pa chinthu chakuda. Kobiriwira kamapirira kuposa apo koma nako kamazilala. Wozolowera kuyang'ana kadontho amataya nthawi kukafunafuna pomwe sight zachitsulo zili pamaso pake.

Chachiwiri ndi utsi wa wonga. Galasi la laser lili pafupi ndi kukamwa kwa mfuti, ndiye limada, kadontho n'kumamwazika ngati nyenyezi. Lipukuteni ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi spirit mukamaliza kuomba. Fumbi la chilimwe likakumana ndi mafuta ochuluka limapanga phala pa galasi ndi pa switch. M'dzinja vuto ndi chinyezi: ikani silica gel, timipira toyamwa chinyezi, m'sefu ndipo muziyang'ana pansi pa laser, pomwe dzimbiri limabisala pa mfuti zachitsulo. Mfuti siyenera kusiyidwa m'galimoto, ndipo kutentha kwa mmenemo kumaphanso batire.

Chachitatu chili m'mutu mwa woomba. Dzanja la munthu aliyense limanjenjemera, koma sight zachitsulo sizionetsa kwambiri. Laser imaonetsa zonse, kadontho n'kumavina pa chandamale. Wophunzira amadikira kuti kafike pakati n'kutswanya trigger mwadzidzidzi, ndipo chipolopolo chimapita pansi kumanzere ngati ndi wamanja, pansi kumanja ngati ndi wamanzere. Lekani kadontho kavine m'kabwalo kake, inu mukoke trigger mosalekeza mpaka mfuti ilire.

Ndipo laser siunika. Magetsi akathima usiku, kadontho sikakuuzani ngati amene ali pakhomo ndi mlendo kapena mwana wa m'nyumba. Ntchito imeneyo ndi ya tochi ya m'manja, chifukwa kuunika ndi tochi ya pa mfuti n'kulozetsa mfuti. Chimodzimodzi kuika kadontho pa munthu pofuna kumuopseza: mwamuloza ndi mfuti, ndipo mudzayankha mlandu wa zimenezo.

Pomwe imathandiza

Phindu lalikulu lomwe tikuona lili pa kuphunzira popanda zipolopolo. Zipolopolo zikhale m'chipinda china, mfuti muione kawiri, ikani snap cap, chipolopolo chabodza chophunzirira, ngati muli nayo, mulozetse pa khoma la njerwa lomwe kuseri kwake kulibe anthu. Kokani trigger mukuyang'ana kadontho. Kakadumpha pa nthawi yomwe trigger ikuthyoka, mwaona cholakwa chanu popanda kulipira chipolopolo. Mphindi 10 kangapo pa sabata zimasintha kakokedwe, ndipo mnzanu woima kumbuyo amaonanso zomwe dzanja lanu likuchita.

Imathandizanso akuluakulu opitirira zaka 40 kapena 45 amene maso ayamba kukana zapafupi. Sight ya kutsogolo imaoneka mbuu, pomwe kadontho kali pa chandamale chomwe diso likuona bwino. M'kachisisira, chandamale chikuoneka koma sight zakuda zitasowa, ndi pomwe laser imaposa chitsulo.

Zotsala

Holster ya mfuti yopanda laser siikwana, ndipo ya nsalu yongolowetsa ilibe chitetezo chokwanira. Ikufunika ya Kydex, pulasitiki yolimba, kapena chikopa cholimba, youmbidwira mfuti imeneyi ndi laser imeneyi, yophimba trigger yonse. Poitanitsa tchulani mayina onse awiri, a mfuti ndi a laser, chifukwa holster ya TLR-2 ndi ya TLR-8 n'zosiyana. Ikafika, tidzaomba magulu a zipolopolo 5 pa mamita 5, 10 ndi 15 dzuwa litangolowa, gulu lina ndi sight zachitsulo, lina ndi kadontho, pa mapepala osiyana olembedwa mtunda ndi mtundu wa chipolopolo.