Phindu la mbale ya nsima ku Joni timalipeza pogula

Ine ndi mlamu wanga timaphika nsima ku Johannesburg. Makasitomala athu ndi anyamata omanga nyumba, alonda ndi amayi ogwira ntchito za m'nyumba, ambiri Amalawi anzathu, ena a ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Tinayamba ndi mapoto awiri, mbaula ya gasi ndi tebulo lobwereka.

Bizinesi ya nsima ili ndi vuto limodzi: mtengo wa mbale sukwezedwa chisawawa. Munthu wolandira ya pa tsiku, amene kumudzi ana akudikira fizi, ukangomuwonjezera marandi asanu, mawa lake umuona akudutsa ndi buledi m'manja osakupatsa ndi moni. Tsono ngati pogulitsa sitingakweze, mpata wotsala ndi pogula. Izi zinatifika pamtima mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba. Mayiko awiriwa ndiwo amagulitsa mafuta ambiri a mpendadzuwa padziko, ndipo botolo la mafuta ophikira linakwera mwakuti tinkalithira mu poto ngati mankhwala a m'maso.

Choyamba tinatenga makhadi a m'masitolo, omwe ndi aulere. Ya Xtra Savings, imene Checkers inayambitsa mu 2019 ndipo Shoprite inatsatira mu 2020, imadula mtengo pomwepo polipira. Pa shelefu pamakhala mitengo iwiri, wa aliyense ndi wa mwini khadi, ndipo ndimamva chisoni ndikaona mnzathu wangobwera kumene akulipira wokwerawo chifukwa palibe anamuuza. Ya Smart Shopper ya Pick n Pay, yomwe inayamba mu 2011, imasunga mapointi amene umadzalipirira katundu, komanso imatumiza makuponi pa foni molingana ndi zimene umakonda kugula. Makuponi amenewa amafunika kuwatsegula kaye usanafike polipira. Mlamu wanga ndiye katswiri wa zimenezi. Ine foni ndimangoidziwa poyimba.

Koma gwero lathu lalikulu ndi mapepala a mitengo, aja amabwera atapindidwa m'nyuzipepala zaulere zoponyedwa pa mageti. Mabwana ambiri sawayang'ana n'komwe. Amayi amene amadya kwathu amatitolera, ena amangojambula n'kuponya pa gulu lathu la WhatsApp. Lamlungu madzulo tikachoka ku tchalitchi timawayala onse pa mphasa, mlamu ali ndi cholembera, ine ndi kope. Timayang'ana zinthu zisanu zokha: ufa, mafuta, nkhuku, mpunga ndi nyemba. Zina zonse, kaya zithunzi zake zikongole bwanji, timatembenuza tsamba. Apa ndiye pamagona nkhani, chifukwa sipesho zambiri ndi nyambo. Amamanga ufa, shuga, mafuta ndi fulawa pamtengo umodzi wooneka wokoma, koma ife fulawa tichita nayo chiyani? Ndiye timawerengera mtengo wa kilogalamu imodzi, osati wa thumba, popeza thumba la makilogalamu 10 ndi la 12.5 amaoneka ofanana ukakhala pa changu.

"Alamu, ufawu watsika, koma sitolo yake ili kutali," amatero mlamu wanga akaona ndayamba kususuka. Timachotsera ndalama ya takisi, kupita ndi kubwera, ndi ya mpando wa katundu. Nthawi zambiri sipesho imathera pamenepo.

Ikakhala pafupi, timanyamuka m'mamawa, makamaka kumapeto kwa mwezi pamene mitengo yabwino imatuluka ndipo mashelefu amayera msanga. Masitolo amaika malire a kuchuluka kwa katundu amene munthu mmodzi angagule, choncho timapita atatu ndi mwana wa mlamu, aliyense ndi khadi yake ndi ngolo yake. Mlonda wina wa pa sitolo, kasitomala wathu wa nsima ya nyemba, amatitsina khutu akaona nyama yatsala pang'ono kutha masiku yamatidwa mtengo watsopano. Imeneyo timaphika tsiku lomwelo.

Kugula zambiri kuli ndi ngozi yake. Mu 2023 magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo nkhuku zodzaza firiji zinkatisowetsa tulo kuposa ngongole. Kuyambira pamenepo, zosungika monga ufa, mpunga, nyemba ndi mafuta timagula zambiri, koma nkhuku timagula zokwana masiku ochepa. Chaka chomwecho chimfine cha mbalame chinapha nkhuku zoikira, mazira anasowa mpaka masitolo ena anayamba kugawa moyeza, ndipo tinangowachotsa pa ndiwo zathu n'kuika zipalapasiro ndi nthutumba.

Boma la kuno nalonso limatipeputsirako mosadziwa. Msonkho wa VAT ndi 15 peresenti, koma ufa wa chimanga, mpunga, nyemba zouma, mazira, masamba, mafuta ophikira ndi nsomba za pilchards za m'chitini zilibe msonkhowu. Nkhuku ndi nyama zili nawo. Ndi chifukwa chake mbale ya nyemba ndi kabichi imatisiyira kenakake kuposa ya nkhuku, ngakhale timaigulitsa motchipa.

Tomato, anyezi ndi kabichi sitisaka kuponi. Timasonkherana galimoto ndi amayi ena n'kupita ku msika waukulu wa Joburg Market ku City Deep, kumene amagulitsa pa bokosi ndi pa thumba. Amayi omwewo ndiwo tili nawo pa chipereganyu cha katundu wa mu Disembala.

Usipa wokha ndiwo ulibe sipesho. Umabwera pa basi kuchokera kumudzi, mtengo amatchula ndi wobweretsa, ndipo sanenerera. Timauphika Loweruka basi. Phindu lake ndi lochepa kwambiri pa ndiwo zonse, koma tsiku limenelo ndi limene mabenchi amatichepera, mpaka ena amadyera chiimire.