Theka la pointi lomwe tinabwera nalo kuchokera ku Tete

Tinanyamuka ku Ulongwe kupita ku Tete kukasewera tchesi tambala woyamba atangolira, atsikana athu atavala majuzi awiriawiri. Kuzizira kwa ku Angónia mukukudziwa. Tayala la shapa (minibasi) linaphulika tisanafike ku Moatize, ndipo ola lomwe tinakhala pansi pa mlambe linatikwanira: majuzi onse m'zikwama, thukuta kamukamu, amayi a komiti akufunsa ngati anthu a kuno amagona n'komwe.

Anzathu a ku Tete anatilandira ndi nsima ya mbuzi yawo yotchuka ija, pende, nsomba ya mu Zambezi, ali pambali. Uja amati sadya zonona tonse tinamuona akupempha chiwindi kachiwiri.

Zophunzira zinalipo: kulemba mayendedwe onse papepala, kusewera ndi wotchi, ndi lamulo loti chomwe wakhudza ndicho usunthe.

Koma nkhani ndi ya wamng'ono wathu wa zaka 11, uja amabwera ku tchesi atabereka mng'ono wake. Anakumana ndi mtsikana wamkulu, wodziwadi. Kavalo anapita, nsanja zonse ziwiri zinapita, asilikali anatha mmodzimmodzi mpaka anatsala ndi mfumu yokha. Ine mtima unali utagwa kale. Iye ayi. Chala pakamwa, maso pa bolodi, anangoikokera mfumu yake pang'onopang'ono mpaka pakona, pa h8. Mnzake uja, pofuna kumaliza msanga, anatsitsa mfumukazi pa f7. Mwana wathu anayang'ana, n'kuyang'ananso, kenako anakweza dzanja. Mfumu sinali pa xeque (siinkaopsezedwa pomwe inalipo), koma kolowera kunalibe, ndipo chinanso choti asunthe analibe. Woweruza anawerama, nati, "Afogado. Empate." Ndiye kuti mfumu yapanikizika, palibe wopambana. Aliyense theka la pointi!

Amayi a komiti anaiwala kuti muholo ya tchesi simusokosedwa. Nthungululu inalira, woweruza anachita kuwagwira paphewa. Mtsikana wa ku Tete misozi inalengeza, komabe anapereka dzanja mwaulemu, ndipo madzulo awiriwo anali kugawana masau.

Zikomo aphunzitsi, inu amene munkawabwereza anawa zomalizira masewero mpaka kudandaula. Zikomo makolo amene munagulitsa mbatatesi kuti ya shapa ikwane, ndi adalaivala posatisiya panjira. Pepala la masewerowo lili ndi agogo ake a mwanayo. Analipempha titangotsika, ati alisunga m'buku lawo la nyimbo.