Mchenga wa pa njanji ya ku Ghum

Kwada, koma m'maganizo mwanga mukadali bambo amene amakhala kutsogolo kwa injini n'kumawaza mchenga pa njanji ndi manja.

Sitima yoyendera malasha ya ku Darjeeling, ku India, imakwera makilomita pafupifupi 7 kukafika ku Ghum, siteshoni imene ili pa mamita 2,258 kuchokera pa nyanja. Njanji yake ndi yopapatiza, mamilimita 610 okha, pamene ya kwathu ndi 1,067. Inatha kumangidwa mu 1881, ndipo mainjini a B class amene amakoka mabogiwa anapangidwa pakati pa 1889 ndi m'ma 1920. Magudumu a injini ndi anayi basi.

Lero kunali chifunga. Tisanafike pa Batasia Loop, pamene njanji imazungulira n'kudzidutsa yokha kuti chitunda chichepe mphamvu, magudumu anayamba kuzungulira pamalo amodzi, utsi uli tolotolo, sitima osasuntha. Titaima ndinawafunsa bambowo chimene chinachitika.

Anati mvula yamphamvu siwaopsa, chifukwa imatsuka njanji. Choopsa ndi chifunga ndi mvula yowaza, zimene zimasakanikirana ndi fumbi ndi mafuta a magalimoto, poti njanjiyi imayenda m'mbali mwa msewu wa Hill Cart Road. Pamwamba pa chitsulo pamakhala kautope koterera ngati therere. Ndiye amakhala awiri, wina njanji ya kumanja, wina ya kumanzere, aliyense kuwaza pang'onopang'ono patsogolo penipeni pa gudumu. Mchengawo uyenera kukhala wouma. Wonyowa umaumbika, umagwa chibuma n'kugwera pambali. Ukachulukanso umalemeretsa mabogi akumbuyo.

Magudumu akaterereka, woyendetsa amatseka nthunzi msanga n'kutsegulanso mofatsa. Akachedwa, nthunzi yotuluka mwamphamvu imakoka moto n'kuuphwasula, malasha oyaka n'kumathawira m'chumuni, ndipo madzi a mu boyila angathe kulowa m'masilinda. Madzi sapanikizika ngati nthunzi, amatha kuswa chitsulo. Pamwamba pa injini pali winanso amene amaswa malasha ndi nyundo kuti wosonkheza moto azilandira zidutswa zonga chibakera, zimene zimayaka mofanana.

Anandionetsa zikhatho. Mchenga unali utalowa m'ming'alu ya khungu, zikhadabo zakuda ndi mwaye.

Chimene chikundiwawa n'chakuti pa Batasia aliyense anathamangira kujambula injini ndi kuyang'ana ngati phiri la Kanchenjunga lituluke m'mitambo. Palibe anayang'ana munthu amene watikweza chitundacho. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika njanjiyi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1999, koma chitsulo chimasungika mosavuta kusiyana ndi luso lodziwa kuti pa khona iyi pamafunika mchenga wochuluka bwanji. Ndinafuna kuwafunsa ngati pali achinyamata amene akuphunzira ntchitoyi, koma wezulo inalira, iwo n'kukwera pamalo pawo.