Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Keke ya Mowa Wakuda ndi Malalanje

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinapezera ntchito yotsuka mbale pa malo ena ogulitsira khofi ku Dublin, komwe ndinkalawirira m'bandakucha ndisanapite kusukulu. Eni malowo anali mayi achikulire a ku Ireland komweko, osakonda zolankhulalankhula, amene ankaphika okha makeke onse makasitomala asanafike. Nyamakazi itayamba kuwavutitsa m'manja, anandichotsa pa sinki n'kundiimika pafupi ndi uvuni, ndipo keke yoyamba imene anandiphunzitsa inali ya chokoleti yothira mowa wa Guinness.

Ine ndinakulira m'banja la CCAP, bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo botolo la mowa ndinali ndisanaligwirepo chibadwire. Koma ku Dublin mowa umenewu suthawika, chifukwa umafululidwa mumzinda momwemo ku St James's Gate kuyambira mu 1759, chaka chimene Arthur Guinness anasaina pangano lobwereka malowo kwa zaka 9,000. Ukamadutsa chakumeneko mphepo ikuwomba molunjika kwa iwe, umamva fungo la balere wokazinga, ndipo balere ameneyu ndi amene amadetsa mowawo n'kuupatsa kakuwawa kofanana ndi ka khofi. Mayi aja anandiuza kuti kakuwawa kameneka ndi kamene timafuna, chifukwa kamagwirizana ndi koko ndipo kamathyola kutsekemera kwa shuga wochuluka amene amalowa m'kekeyo.

Kaphikidwe kake ndimakakumbukirabe popanda kuyang'ana papepala. Tinkathira mowa wokwana mamililita 250 mupoto pamodzi ndi batala wolemera magalamu 250, n'kutenthetsa pamoto wochepa mpaka batala asungunuke, koma osalola kuti ziwire. Tikaphula, tinkathiramo koko magalamu 75 ndi shuga magalamu 400, kenaka mazira 2 omenyedwa pamodzi ndi kirimu wowawasa, ndipo pomalizira penipeni ufa watirigu magalamu 275 wosakaniza ndi soda timasupuni tiwiri ndi theka. Phala lake limakhala lamadzimadzi kwambiri moti wosadziwa amafuna kuwonjezera ufa, koma ayenera kuugwira mtima, popeza madzi amenewo ndi amene amachititsa kuti kekeyo ikhale yofewa kwa masiku angapo. Soda ikakumana ndi kuwawasa kwa kirimu, koko ndi mowa imatulutsa mpweya umene umafufumitsa kekeyo, choncho phalalo silidikira, limalowa msanga mu uvuni wotentha madigiri 180 kwa mphindi 45 kapena ola lathunthu.

Malalanje ndi amene ankasiyanitsa keke ya mayiwa ndi za anzawo. Ankapala khungu la malalanje awiri, kachikasu kapamwamba kokha osafika pa choyera chija chimene chimawawa, n'kulitikita mu shuga ndi zala kuti mafuta ake onunkhira atuluke. Madzi a malalanjewo ankawawiritsa ndi shuga pang'ono, n'kuwathira pa keke ikadali yofunda ataiboolaboola ndi kamtengo. Ophika ambiri kumeneko amapaka kirimu woyera pamwamba kuti keke ifanane ndi tambula ya Guinness yokhala ndi thovu, koma ine mpaka lero ndimaona kuti kirimuyo amakwirira fungo la lalanje.

Nditabwerera ku Blantyre ndinapeza kuti pafupifupi chilichonse chili ndi cholowa m'malo mwake. Mowa wakuda ndinatenga Carlsberg Stout wofululidwa konkuno, kumene kampaniyo inatsegula fakitale yake yoyamba ya kunja kwa Denmark mu 1968. M'malo mwa kirimu wowawasa ndinathira chambiko, m'malo mwa batala wokwera mtengo ndinaika majarini, ndipo nyengo yozizira itafika ndinagula manachesi a ku Mwanza, amene khungu lake ndi lopyapyala ndipo limafuna dzanja lopepuka popala. Magetsi akazima ndinkaika chitini cha keke mumphika waukulu wokhala ndi mchenga pansi, n'kuutereka pambaula, makala ena ali pachivindikiro, monga mmene timaphikira chigumu.

Amayi anga ataona botolo lija patebulo, anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Mwanangu, zoona ukufuna kundidyetsa mowa paukalamba wanga uno, mwezi wamawa kuli mgonero?" Anthu ambiri amakonda kunena kuti mowa wonse umauluka ndi moto, koma zimenezo si zoona, popeza wochepa umatsalirabe m'keke ngakhale itapsa bwino. Ndinawayankha kuti, "Amayi, wotsalawo ndi wochepa kwambiri moti sungaledzeretse munthu, koma ulimo ndithu, ndipo sindingakunamizeni." Sanalaweko ngakhale kachidutswa, ndipo ine sindinawakakamize.

Mawa lake ndinaphika ina, mowa uja n'kuulowetsa m'malo ndi khofi wa ku Mzuzu wophikidwa mwamphamvu, muyeso womwewo wa mamililita 250, chifukwa khofi nayenso ndi wokazinga, ndi wowawa ndiponso ali ndi kuwawasa kodzutsa soda. Inatuluka yakuda mofanana, ngakhale kuti inalibe kafungo ka chimera kamene mowa umasiya. Amayi anadya zidutswa ziwiri, yotsalayo n'kuikulunga m'kansalu kupita nayo ku Mvano Lachinayi, ndipo madzulo ake anabwera ndi uthenga wa mayi wina amene ankafuna keke yotero pa chinkhoswe cha mwana wake. Za mmene ndinawerengera mtengo wa oda yoyambayo ndiponso mmene ndinainyamulira pa minibasi mpaka ku Bangwe, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.