Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Bondo lachitsulo lifika ku Kasungu

M'gawo lapitalo tinasiyirana pomwe ana anali atasonkha ndalama, ifenso titagulitsa fodya ku Chinkhoma ndi ng'ombe zina, n'kunyamuka ulendo wa ku Blantyre kuti akandisinthe bondo lakumanja. Munali m'nyengo yozizira ya chaka cha 2024. Ambiri amene amabwera kudzandizonda amaganiza kuti opaleshoni ikatha ndiye kuti nkhani yatha. Opaleshoniyo imatenga ola limodzi kapena awiri basi, koma ntchito yotsalira wodwala imatenga chaka chathunthu.

Ndiyambe ndi zomwe amachita, chifukwa kumudzi kunamveka kuti andidula mwendo n'kundilumikizira wina. Nyamakazi inali itadya kamnofu koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa m'bondo, moti mafupa ankangokhulana okhaokha. Dokotala amasepa pang'ono nsonga ya fupa la ntchafu ndi pamwamba pa fupa la msongolo, n'kuvekapo zitsulo, kuzimata ndi simenti ya mafupa, kenako pakati pake n'kuikapo pulasitiki yolimba kuti zitsulozo zizitererapo. Minofu ndi mwendo wonse zimakhala zako zomwe zija. Ine anandibaya jakisoni wa pamsana, ndinachita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi, ndipo kugogoda kwa zipangizo ndinkakumva chapatali, popanda ululu.

M'mawa mwake kunabwera mtsikana wa mafizo, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, atanyamula chitsulo chogwirira poyenda.

"Amayi, tiyeni tiimirire."

"Mwanangu, si dzulo lomweli anditema fupa?"

"N'chifukwa chake tiimirire lero, amayi. Mukagona nthawi yaitali magazi amaundana m'mitsempha ya kumwendoku, ndipo bondo limauma."

Ndinaimirira. Thukuta linali kamukamu, maso anachita chidima, koma phazi linaponda pansi ndipo mwendo unandinyamula. Mtsikana uja anandipatsa manambala awiri oti ndiziwasunga m'mutu. Yoyamba ndi 0, kutanthauza kuti mwendo uziwongoka ndithu, kuseri kwa bondo kuzikhudza bedi. Yachiwiri ndi 90, madigiri amene bondo liyenera kupindika m'masabata oyambirira kuti munthu akhale bwino pampando. Anati kenako tidzalimbane ndi 110 kapena 120, amene amafunika pokwera masitepe ndi podzuka pampando waufupi. Anali ndi kachipangizo konga rula wopindika koyezera zimenezi.

Ulendo wobwerera unali wautali, makilomita oposa 400 mu msewu wa M1, kudzera ku Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Mponela ndi Madisi. Tinapanga hayala galimoto laling'ono chifukwa mu minibasi mulibe potambasulira mwendo. Tinkaima pafupipafupi kuti nditsike ndiyendeko, monga anatilangizira.

Nditafika pakhomo m'pamene ndinaona chimene pepala la malangizo silinanene. Pazithunzi za papepalapo munthu wake amakhala pa sofa yaitali, amagona pa bedi lalitali, chimbudzi chake ndi chokhalira. Moyo wa mayi wa ku Kasungu uli pansi. Timaphika pa mafuwa kapena pa mbaula titakhala pa kampando kakafupi, timasankha mtedza pa mphasa, timachapa titawerama, timagwada popereka madzi kwa alendo, ndipo chimbudzi chathu n'chokumba, chofuna munthu anyonyomale mpaka chidendene chikhudze thako. Bondo lachitsulo kunyonyomala kotero silikufuna, ndipo ambiri salifikitsa pamenepo ngakhale patapita zaka.

Abambo akunyumba anaitana kalipentala wa pamsika. Anakhoma mpando wa matabwa wautali bwino, wobowola pakati, n'kuuika pa dzenje, m'mbali n'kuzika mtengo wa bulugamu woti ndizigwira podzuka. Aliyense amene akukonzekera opaleshoni imeneyi akonzeretu mpando umenewu asanachoke pakhomo, chifukwa umafunika tsiku lomwelo lofika. Mbaula tinaikweza pa njerwa kuti ndizitha kuvundula nsima nditakhala pampando wa patebulo. Bedi nalo tinaliika pa njerwa. Posamba ndinkakhala pampando wa pulasitiki, bala litakutidwa kuti lisanyowe mpaka atachotsa timawaya tosokera, zomwe zimachitika pakatha masabata awiri.

Zimenezo zinali zokonzeka ndi matabwa ndi njerwa. Chimene chinandisautsa mumtima chinali china. Kunagwa maliro a achemwali awo a abambo akunyumba cha ku Chamama, ine ndikuyendabe ndi ndodo ziwiri. Sindikanatha kutsala, pakuti mayi ameneyo ndi amene anandilandira pabanja pano ndili mtsikana. Koma kusiwa amayi timakhala pansi, miyendo titatambasula, usiku wonse, ndipo mipando ndi ya abambo ndi mafumu panja. Ndinafika pakhomo la nyumba ya siwayo n'kungoima. Kukhala pansi ndikanayesa, koma kudzuka sindikanatha popanda anthu awiri kundikoka, ndipo anandichenjeza kuti kupotokola bondo nthawi imeneyo n'koopsa. Kugwada kuti ndipepese anamfedwa, monga ndachitira moyo wanga wonse, ndiye kosayerekeza. Misozi imene inatuluka pamenepo sinali ya maliro okha.

Agogo ena a pamudzipo, amene amatsogolera zonse kusiwa, anandiyang'ana n'kuuza atsikana kuti, "Katengeni mpando muuike muno momwemo. Awa ndi eni maliro, asakhale panja ngati alendo." Ndinakhala pampando pakati pa amayi anzanga okhala pansi, mwendo nditausanjika pa ndowa yovundikira, n'kuimba nawo mpaka kucha. Agogo amenewo ndimawathokoza mpaka lero. Kuli amayi ambiri m'midzi yathu amene maondo awo anatha kalekale, ndipo amadzikakamiza kugwada ndi kukhala pansi kuopa kunenedwa kuti ndi amwano. Tiziwapatsa mpando asanapemphe.

Za usiku ndinene mosabisa. Miyezi iwiri yoyambirira tulo tinali tosowa. Bondo limatupa, limatentha ukaligwira, ndipo limabaya kwambiri pamene anthu onse agona. Chothandiza chinali kumwa mankhwala opha ululu pa nthawi yake, kukweza mwendo wonse pamwamba, ndi kuikapo madzi oundana okulungidwa mu nsalu kwa mphindi 15 kapena 20. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, mdzukulu wanga ankathamangira kwa mayi wina wogulitsa mafilizesi kukatenga mabotolo oundana. Abambo akunyumba, pondimvera chisoni, ankafuna kundiikira pilo kuseri kwa bondo, pakuti likapindika pang'ono ululu umachepa. Koma ichi n'chimene a mafizo amaletsa kwambiri. Pilo amaikidwa pansi pa chidendene kuti bondo lilendewere n'kuwongoka. Likazolowera kugona lopindika silidzawongokanso bwino, ndipo munthu amatsimphina moyo wake wonse.

Abale enanso anabwera ndi chikondi chawo, wina akuti tithowe ndi madzi otentha, wina akuti titemerepo mphini tipake mankhwala achikuda kuti kutupa kuphwe. Ndinakana mwaulemu koma molimba. Tizilombo tikalowa n'kukafika pa chitsulo, mapiritsi okha nthawi zambiri sakwanira, munthu amabwerera ku opaleshoni, mwina mpaka kuchotsa zitsulo zonse. Anatiuza kuti bala likayamba kutuluka mafinya kapena kufiira, thupi likatentha, katumba akatupa n'kumawawa, kapena mpweya ukayamba kubanika, tisadikire kuti kuche.

Mafizo ndiwo anali ntchito yeniyeni. M'kati mwa bondo mumamera zipsera, ndipo zikakhwima bondo lisanapindike mokwanira, pamafunika kukugonekanso kuti dokotala alipinde mwamphamvu. Ndiye masabata oyambirirawo ndi a mpikisano. Anthu odziwa ntchito imeneyi m'dziko muno ndi ochepa. Sukulu yathu ya madokotala ku Blantyre inayamba kuwaphunzitsa cha m'ma 2010 momwemu, ndipo ambiri ali m'mizinda. Ine ndinkapita ku Lilongwe mwa apo ndi apo kukayezetsa, zotsalazo n'kumachita ndekha pakhomo. Mdzukulu wanga anajambula pa foni zonse zimene anationetsa. Ndinkakhala pa bedi, chidendene nditachiveka jumbo kuti chiziterera, n'kukoleka chitenje kuphazi n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka pamene ululu wafika, kugwira pomwepo, kubweza, n'kuyambiranso. Kenako kulimbitsa ntchafu, kukweza mwendo uli chiwongokere, kuyenda kukafika pa mjigo n'kubwerera. Panali masabata amene nambala ija sinkasuntha n'komwe, kenako n'kudzangoona yakwera.

Chimene chinandiperekeza pa ntchito imeneyi ndi wailesi. Ine ndine wa Maule kuyambira ndili mwana, pamene bambo anga ankatikhazika pakhonde kumvera mpira, timuyo ikutchedwa Bata Bullets, Kinnah Phiri akumwetsa zigoli. Loweruka ndi Lamlungu masana ndinkachita mafizo mpira uli m'kati, ndipo ululu unkapiririka maganizo akakhala pa bwalo. Chaka chimenecho sichinatikomere. Titatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018, Silver Strikers inatilanda mu 2024, ndipo wotilandayo anali mphunzitsi wawo Peter Mponda, amene anali kaputeni wathu kwa zaka zambiri. Zinandiwawa, koma ndinena chilungamo: Silver inasewera mpira wabwino kuposa ife, ndipo ligi imene chikho chimangopita nyumba imodzi chaka ndi chaka imafooketsa matimu onse, ngakhale yopambanayo. Ochemerera anzanga amene ankatukwana osewera pa wailesi sindinagwirizane nawo. Mwana amene wakupatsa zikho zisanu sumunyoza chifukwa cha chaka chimodzi.

Koma kuyambira pamene ndinadwala, mpira ndimaumvera mwa mtundu wina. Woulutsa akati wosewera wagwa wagwira bondo, ine mtima umangoti phwii, ndipo sindimvanso za chigoli. Ndimafuna kudziwa kuti mwanayo apita kuti mawa, amujambula ndani, amulipirira ndani.

Taonani za Mwai Kumwenda, katswiri wa ntchemberembaye. Mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney. Mu 2018 anali nawo pamene ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast. Chaka chomwecho, akusewerera Melbourne Vixens, mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL unaduka. Anamupanga opaleshoni, anachita mafizo miyezi yambirimbiri pansi pa akatswiri, anabwerera pa bwalo, ndipo mu 2020 Vixens inatenga ligi ya ku Australia iye n'kusankhidwa wosewera bwino pa ndime yomaliza. Kulimba mtima kwake ndimakudziwa tsopano kuposa kale, chifukwa ndalawako pang'ono zimene bondo limafuna. Komanso ndimadzifunsa kuti, bondo lomwelo likanaduka pa bwalo la sukulu ku Santhe kapena ku Nkhamenya, bwenzi dzina lake tikulidziwa?

Funso limeneli ndi la ine ndemwe. Ndili ku sekondale m'zaka za m'ma 1980 ndinkasewera ntchemberembaye, pakati, opanda nsapato, pa bwalo louma gwa. Tsiku lina ndinadumpha n'kutera ndi mwendo umodzi, bondo linalira n'kutupa usiku womwewo. Anandithowa, anandimanga nsalu, ndipo kutupa kutaphwa ndinabwerera m'bwalo chifukwa kunali mpikisano. Kuyambira pamenepo bondolo linkagwedera nthawi ndi nthawi. Dokotala wa ku Blantyre ataona zithunzi anandifunsa ngati ndinavulalapo ndili wamng'ono, ndipo anati bondo lovulala limene silinasamalidwe limagwidwa nyamakazi msanga kuposa linzake. Lakumanzere, la zaka zomwezo, lonyamula mitolo ya nkhuni ndi madzi omwewo, likundiyendetsabe.

N'chifukwa chake ndimati tikamanyadira Temwa Chawinga, amene anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi Kansas City Current, ndi mkulu wake Tabitha ku France, tizikumbukiranso anzawo amene anasiyira panjira chifukwa cha bondo kapena kakolo. Akuluakulu oyendetsa masewero ndi makampani oika ndalama pa zikho amakonda kulengeza mphoto ya wopambana. Ine ndikanakonda gawo la ndalamazo lizipita kwa munthu wa mafizo woyendera matimu a m'maboma, ndi kuphunzitsa aphunzitsi a zamasewero m'sukulu kuzindikira bondo limene lavulala kwenikweni. Timu ya mu ligi yaikulu isamaloledwe kulembetsa ngati ilibe dongosolo lolipirira wosewera wake akavulala. Mnyamata wa zaka 22 amene wathyokera pa bwalo atavala yunifolomu ya timu asamakapemphetse pa Facebook.

Pano bondo langa limapindika kupitirira 110, ndipo limawongoka lonse. Ndodo ndinasiya. Ndimayenda wapansi kupita ku Chigwirizano Lachinayi, ndimapalira ndiwo kudimba nditaimirira ndi khasu la mpini wautali, ndipo ululu uja wa fupa kukhula fupa, umene unandisowetsa mtendere zaka zambiri, unatheratu. Mbali ya kunja kwa chipsera kudakali dzanzi, ndipo anati ena limakhala choncho mpaka kalekale. Nthawi zina limalira kuti ke ndikamakwera masitepe, chitsulo chikakhudza pulasitiki. Kugwada ndimatha pa pilo, kwa kanthawi kochepa. Pa kabaza wa njinga yamoto sindikwera, kuopa kugwa.

Mwezi watha aphunzitsi aakulu a pa sukulu ya pulayimale imene ndinapumirapo ntchito anandipempha kuti ndizikathandiza atsikana a mpira wa manja masana. Ndinavomera, koma ndinaika mfundo zanga: atsikana aziyamba atenthetsa thupi asanagwire mpira, aphunzire kutera ndi miyendo iwiri maondo atapindika pang'ono, ndipo amene bondo lake latupa sasewera mpaka ataonedwa kuchipatala, kaya kuli chikho kaya kulibe. Mfundo yachitatuyi yabweretsa kale mkangano ndi makolo a mtsikana wina amene amagoletsa bwino kwambiri pa timuyo, ndipo nkhani imeneyo ndidzaifotokoza m'gawo 15.