Chiperoni, mbaula ndi anapiye anga 100

Bizinesi ya nkhukuyi ndinaiyamba ndi ndalama za banki m'khonde, mpamba wangawanga ndinalibe. Ndimakhala kufupi ndi Luchenza, bambo a kunyumba amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ndiye mukudziwa kale, pofika pakati pa mwezi mchere watha. Ndinayamba ndi mabroila 50, anayenda bwino, ndinagulitsa kwa amayi a m'malesitilanti ndi anyamata a chiwaya, ulendo wachiwiri chimodzimodzi, basi mtima unakula. Ndinati pano tiike 100.

Zomwe sindinaganize nzoti maulendo awiri aja inali nthawi yotentha. Awa ndinakawatenga ku Limbe mu June.

A kuno mukuchidziwa chiperoni, chikabwera kuchokera mbali ya ku Mozambique phiri la Mulanje osaoneka masiku atatu kaya anayi, kamvula kowaza kosatha, zovala pachingwe osauma. Tsono mwanapiye sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, magetsi nawo sungawadalire, ndiye ine ndinakoleza mbaula ziwiri, mazenera onse ndinakhoma masaka ndi mapulasitiki, mpaka kampata ka pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chitenje chakutha. Ndinkadziona ngati mayi wosamala kwabasi.

Pa tsiku la 11 ndinamva kamodzi kakuyetsemula, tsi, tsi. Ndinangoti ndi fumbi la chakudya. Usiku wake ndikupita kukawonjezera makala ndinaima pakhomo ndi tochi ya foni, m'khola monse muli zii, koma pansi pa zii ameneyo mukumveka kamkonono, ngati ketulo ikamayamba kuwira chapatali. Mmawa ena akusinza, mapiko ali lende, maso a madzimadzi, ena akutambasula khosi nkumayasamula kukamwa kufuna mpweya. Atatu ndinawatola atauma kale.

Amayi anga timakhala bwalo limodzi, atangosuzumira anati, mwanawe chitopa ichi, zatha izi. Anakathyola alovera kudimba, kusinja ndi tsabola nkuthira m'madzi akumwa. Ine sindinawaletse, munthu ukathedwa nzeru chilichonse umangoti yesani. Mnzanga wina pa gulu la WhatsApp anati ndigule makapisozi a anthu ndiziwathira m'madzi, izo zokha ndinakana, mulingo wake ndikanaudziwa bwanji? Mawa lake anafa ena asanu, ndipo m'mutu mwanga munkangozungulira tsiku lobweza ngongole.

Ndi pomwe ndinaimbira alangizi a ziweto a dera lathu. Anabwera pa njinga yamoto atanyowa, osafuna ndi kukhala pampando. Anayang'ana zitosi, anafunsa ngati pali wopotoka khosi, ndinati palibe, za katemera wa chitopa ndinati ndinapereka kale. Anati chitopa chikalowa zitosi zimakonda kukhala zobiriwira, makosi kupotoka, ndipo zimagwa zambiri nthawi imodzi, mankhwala ake kulibe, ndi katemera basi. Izi anati zikufanana kwambiri ndi chifuwa chomwe amachitcha CRD, kachilombo kake ndi Mycoplasma, kamatha kukhala mwa nkhuku mwakachetechete nkudzuka zikapanikizika.

Kenako anati, mayi, tagwadani apa. Ine kudabwa. Anati gwadani ndithu, nkhope yanu ifike pomwe pali mitu ya anapiyewa, mupume katatu.

Abale inu. Ndinagwada pa utuchi paja, mawondo kunyowa nthawi yomweyo, ndipo kupuma kwachiwiri misozi inayamba kutuluka yokha, fungo loboola m'mphuno ngati la chimbudzi cha pamsika, kuphatikiza utsi wa makala. Ine masiku onsewa ndinkalowa choimirira, kuthira chakudya nkutuluka, pamene iwo akupuma zimenezo usana ndi usiku. Alangizi anafukula utuchi wa pansi pa chomwera madzi ndi dzanja, unali wakuda, wogwirana ngati chigumu. Anati zitosi zikanyowa zimatulutsa mpweya wa amoniya womwe umapsereza njira yopumira, matenda nkupeza khomo lotsegula. Mankhwala ndikulemberani mayi, koma mukasiya khola chonchi mukhala mukungotaya ndalama.

Tsiku limenelo sindinaphike nkomwe. Tinachotsa utuchi wonse, bambo a kunyumba anakasaka wouma kwa ocheka matabwa, tinauyala wochindikala bwino. Masaka a m'mazenera tinawatsitsa kumtunda kusiya mpata kuti mpweya woipa uzituluka koma mphepo isawombe anapiye mwachindunji. Mbaula tinayamba kukolezera panja, kuilowetsa makala akapsa kufiira utsi utatha. Zomwera madzi tinaziika pa njerwa. Mankhwala anali tylosin wosungunula m'madzi, ndi mavitamini, ndipo anandiuzitsa kuti ndimalize masiku onse olembedwa pa paketi ngakhale aoneke kuti achira. Katemera wa matenda ena a nkhuku otchedwa Gumboro amene anali pafupi anati adikire kaye, wodwala sapatsidwa katemera.

Odwalitsitsa 14 ndinawapatula m'katoni, katoniyo kuchipinda kwathu pafupi ndi bedi, botolo la madzi ofunda nditalikulunga m'nsanza pakati pawo. Ntchito inali apa. Mwanapiye wodwala sapita yekha kukamwa, ndiye mankhwala a m'madzi aja samupeza. Ndinkawatenga mmodzimmodzi, kupepuka kwake ngati wanyamula thonje, kamtima kakugunda pachala, kupukuta manthongo ndi kansalu koviika m'madzi ofunda a mchere pang'ono mpaka diso litseguke, kenako sirinji yopanda singano, dontho limodzi m'mbali mwa mlomo, kudikira ameze, dontho lina. Ukathira mothamanga madzi amalowera kopumira, mmodzi anandifera m'manja choncho ndipo ndinalira ngati mwana. Chakudya ndinkachinyowetsa pang'ono nkugogoda ndi chala pa mbale kuti atengere kujompha. Bambo a kunyumba amvekere, mayi a mwana, kodi chipinda chino chasanduka wodi? Koma 2 koloko usiku ndi iwo omwe ankandigwirira tochi.

Patapita masiku anayi kamkonono kaja kanayamba kuchepa, ndipo mmawa wina ndinadzutsidwa ndi phokoso m'katoni, akulimbirana mbale. Onse pamodzi ndinataya 19, anatsala 81.

Sanakule mofanana ayi, ena anapinimbira, ndipo mmalo mogulitsa pa masabata 6 ndinafika 7, kutanthauza thumba lina la finisher, chakudya cha masabata omaliza, lomwe silinali pa bajeti. Masiku oti mankhwala achoke m'thupi anali atadutsa kalekale, pamenepo ndinalibe nkhawa. Phindu linali lochepa zedi, koma ku banki m'khonde ndinabweza pa tsiku lake osabisala kuseri kwa nyumba.

Pano ndili pa ulendo wachisanu ndi chiwiri, ndimaika 150, ndipo mmawa uliwonse ndisanathire chakudya ndimagwada kaye m'khola nkununkhiza. Tsiku lina kasitomala anandipeza ndili chogwada choncho anabwerera mwakachetechete, amayesa ndikupemphera. Amayi anga mpaka lero amauza aliyense wobwera kudzagula kuti anapiye aja anachira ndi alovera wawo.