Zoti a neba anandigwira, imvani kwa mwiniwakene

Popeza achimwene ena ayamba kale kuifalitsa pagulu lathu la WhatsApp atathiramo mchere ndi tsabola, bola ndifotokoze ndekha. Eya, a neba anandigwiradi. Koma zomwe akunenazo zoti ndinaba nkhuku ndi bodza.

Inayambitsa zonsezi ndi sikelo ya kuchipatala. Nditakwerapo inaloza makilogalamu 104, anamwino nkundiyang'ana ngati ndawononga katundu wa boma. Akuti BP yakwera, ndichepetse mchere, Sobo ndi tchipisi cha pachiwaya, nsima izikhala ya mgaiwa mitanda iwiri basi, ndiponso ndiziyenda ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Iwo anati kuyenda. Ine poti ndine mwamuna ndinamva kuthamanga.

Nsapato ndinagula pa kaunjika mumsika wa Ndirande. Pulani inali yochoka kwa Chinseu mpaka ku Kamuzu Stadium, 4 koloko m'bandakucha, anthu asanadzuke kuti asaone chimimba chikuvina. Kunkazizira, ndiye ndinavala juzi yakuda yachipewa. Kawailesi ndinakapanira m'khwapa chifukwa ndinamva kuti nyimbo zimapatsa mphamvu. Magetsi anali atazima. Tandiuzani, palakwika pati pamenepa?

Ndisanadutse nyumba khumi agalu anayamba, kenako mluzu, kenako "Wakubaaa!" Ine ndinaganiza kuti wakubayo ali kumbuyo kwanga ndipo akufuna wailesi, ndiye ndinawonjezera moto. M'mutu mwanga ndinali mphepo. Nditacheuka ndinaona madala ena a chibonga, a zaka ngati 70, akuyenda pambali panga. Kuyenda. Anali atavala patapata, dzanja lina atagwira tochi, mpaka anayasamula.

Anandikhazika m'ngalande anyamata asanu atandizungulira. Mpweya unali utandithera, zomwe zinkatuluka mkamwa zinali "BP... BP..." basi.

"Akuti waba ku BP," anatero wina.

"Iwe, BP inatha kalekale, pano ndi Puma. Wabodza uyu."

Apa tochi inasiya nkhope nkutsikira pamimba. Inakhalitsa pamenepo, abale. Inayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja pang'onopang'ono ngati akuyeza puloti, nkubwereranso. Onse chete, ngakhale agalu. Madala aja anagogodapo ndi chibonga kawiri, mmene timachitira ndi chivwende pofuna kudziwa ngati chapsa.

"Ana inu, wakuba wa mimba iyi angalowe pawindo liti?"

"Mwina ndi bwana wawo, wongolandira katundu."

"Bwana akanakwera kabaza."

Anakambirana mlandu wanga ngati palibe ine, nkugamula kuti ndilibe thupi la ntchitoyo. Chibadwire sindinawinepo mlandu mondipweteka chonchi. Ndinatsala pang'ono kuvomera kuti ndabadi, kuti ulemu ubwerere.

Anakadzutsa mayi a kunyumba kuti adzandizindikire. Anabwera atamanga chitenje m'chifuwa, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, nkuti, "Bambowa ndi anga, koma juziyo anatenga osapempha."

Pofuna kutseka pakamwa ndinawagulira anyamatawo zitumbuwa pamene amayi oyamba ankayala malonda. Ine ndinadya zitatu zokha, poti ndi za nthochi, chipatso chimene anamwino sanaletse. Pakamwapo sipanatsekeke, mwaona nokha. Nsapato zili kunsi kwa bedi, sayizi 9, zinayenda kamodzi.